Tizirombo Towala Tolawa Madzi

 Nkhani yathu lero iri ya madzi, ndi ya njira imene anthu anzeru anapeza yodziwira ngati m'madzi muli ciphe kapena iai. Njirayo iri yodabwitsa ndithu, pakuti wanchito wamkulu m'menemo ndiko kacirombo kamoyo kosaoneka ndi maso, kamene kawala mumdima monga ciphaniphani.

Mudziwa nonse mwambo wa makolo athu pa mowa. Mwini mowa asanapereke cipanda kwa mlendo, ayamba iye mwini wamwako, onse ali kupenya, kuti mlendoyo amwe ndi mtima wokhazikika. Makolo anadziwa kuti maso ndi mphuno sizitha kuzindikira ciphe ciri conse, ndi kuti mboni yoona ya ciphe ndilo thupi lamoyo. Tsono mai amene atunga madzi pa Luangwa kapena pa Lusangazi alibe womlawira. Ayang'ana madziwo, naona kuti ali oyera, nasenza mtsuko wace kunka nao kwa ana. Koma akulu anati, cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Madzi amatope akhoza kukhala opanda ciphe, ndipo madzi oyera mbee akhoza kupha.

Ciphe cicokera kuti?

Kapena wina adzati, "Kwathu kuno kulibe migodi yaikulu, kulibe mafakitale, nanga ciphe cicokera kuti?" Tiyeni tione pamodzi.

Poyamba pali mankhwala a m'munda. Thonje ndilo lipatsa ndalama alimi ambiri a m'boma la Mambwe, ndipo thonje silibala bwino popanda kulipopera kangapo pa caka. Mlimi akatsukira pampu yace pamtsinje, akataya botolo pa dambo, kapena mvula yaikulu ikagwa tsiku lomwe anapopera, mankhwalawo atsikira kumadzi. Mankhwala ophera udzu naonso afala m'zaka izi, popeza acepetsa nchito ya khasu.

Caciwiri ndico kupha nsomba ndi mankhwala. Kale anthu ankasinja masamba a ombwe, umene ena autcha ububa, nawathira m'thamanda m'cirimwe; madzi a masambawo atsekereza kupuma kwa nsomba, ndipo ziyandama. Lero alipo ena amene asiya ombwe nathira mankhwala a m'botolo, amene mphamvu yao iposa ya ombwe kutali. Lamulo la za nsomba la dziko la Zambia, la caka ca 2011, liletsa kupha nsomba ndi ciphe ca mtundu uli wonse.

Cacitatu ndiwo opha nyama mobisa. Ena a iwo akapha njobvu athira ciphe pa mtembo wace, kuti miimba ife, ingaulule malowo pozungulira m'mwamba. Afisi ndi mikango imene idya mtembowo ifera pomwepo, ndipo cotsala mvula icitengera kumtsinje. Cacinai ndiye golide. Anthu okumba golide ndi manja, m'maiko ambiri a mu Afrika, asonkhanitsa golideyo ndi mekyuri, citsulo camadzimadzi cimene cikalowa m'madzi ciunjikana m'matupi a nsomba. Ku Minamata, m'dziko la Japan, mu 1956, madotolo anapeza nthenda yoopsa ya ubongo mwa asodzi ndi ana ao, ndipo pambuyo pace kunadziwika kuti inacokera ku mekyuri wotayidwa m'nyanja ndi fakitale.

Ndiponso sitiyenera kunka kutali kukafuna citsanzo. Ku Kabwe mgodi wa mtobvu unatsekedwa mu 1994, koma mtobvu ukali m'dothi la m'makomboni ozungulira, ndipo upezeka m'mwazi wa ana. Pa 18 February 2025, ku Chambishi, khoma la dziwe la zotsalira za mgodi wa Sino-Metals Leach Zambia linagumuka, ndipo madzi a asidi, amene poyamba anawerengedwa kuti anali malita 50 miliyoni, anatsikira mu Mwambashi kufikira mu Kafue. Nsomba zinafa, minda inapsa, ndipo madzi a m'mipopi anatsekedwa mu mzinda wa Kitwe. Kafue ndi Luangwa ziri mbale ndi mbale wace, zonse zithira m'Zambezi. Caona mnzako capita, mawa ciona iwe.

Bvuto la kupima madzi

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti madzi aipa? Njira yozolowereka ndiyo kutunga madzi m'botolo ndi kuwatumiza ku nyumba yopimira, kumene kuli makina a mtengo wapatali ndi anthu ophunzira. Makinawo anena zoona, koma ali kutali. Kucokera kwa Malama munthu akhoza kudzera ku Mfuwe, napitirira ku Chipata, ndipo kucokera ku Chipata kunka ku Lusaka pali makilomita oposa 500. M'dzinja mseu wa kwa Malama ubvuta kwambiri. Pamene yankho libwera, madzi amene analawidwa ndi ana apita kale ku Zambezi.

Palinso bvuto lina. Makina opimira afuna kuuzidwa cimene ayenera kufunafuna. Ukawafunsa za mtobvu adzayankha za mtobvu. Ngati ciphe ciri ca mtundu wina umene sunauchule, adzakhala cete. Koma thupi lamoyo silisowa kuuzidwa dzina la ciphe kuti lidwale naco.

Anthu a m'migodi ya malasha ku Britain anadziwa ici. Dotolo wina, John Scott Haldane, anawalangiza m'zaka za m'ma 1890 kuti azitsika pansi ndi kanyama kakang'ono, ndipo anazolowera kutenga kambalame kotchedwa canary m'kakhola. Mpweya woipa ukadzala m'mgodi, kambalameko kanayamba kulefuka anthu asanamve kanthu, ndipo iwo anathawa. Anacita cotero kufikira 1986. Cida cimene tiri kunena lero citsata nzeru yomweyi, koma m'malo mwa mbalame anaikamo selo.

Selo ndi kuunika kwace

Thupi la munthu, la mvuu, la mtengo wa mlambe, lonse limangidwa ndi tizipinda tating'ono totchedwa maselo, monga nyumba imangidwa ndi njerwa. Selo liri lonse lidya, lipuma, ndipo likhoza kufa. Ziripo zamoyo zina zimene thupi lao lonse ndi selo limodzi lokha. Mabakiteriya ali otere, ndipo ali ang'ono kotero kuti mazana asanu kapena cikwi cimodzi, atandandalikidwa mu mzere, angafike milimita imodzi yokha. Ena adzetsa nthenda monga kolera, koma ambiri alibe coipa, ndipo ena ndiwo asasitsa mkaka ndi thobwa.

Inu amene muyenda usiku m'dzinja mwaona ziphaniphani, ndipo ena mwaona cikuni cobvunda ciri kuwala m'nkhalango, osatentha konse. Kuunika kotere ndi kwa zamoyo. Mu 1667 Robert Boyle wa ku England anaika cikuni cowala ndi nsomba yobvunda yowala m'mtsuko wa galasi, nacotsamo mpweya, kuunika kunazima. Atabwezeramo mpweya, kuunika kunabweranso. Pakati pa 1885 ndi 1887 Raphaël Dubois wa ku France anaonetsa kuti kuunikako kufuna zinthu ziwiri za m'thupi, cina conga mafuta a nyali ndi cina coyatsa, nazitcha luciferin ndi luciferase.

Cimene cinawalitsa nsomba ya Boyle ndiwo mabakiteriya a m'nyanja ya mcere. Mtundu umodzi wa iwo utchedwa Aliivibrio fischeri, ndipo kuunika kwace kuli kobiriwira. Tsono mverani bwino apa, pakuti ndipo pagona nkhani yonse. Kabakiteriya aka kayatsa nyali yace ndi mphamvu yomweyo imene kapeza mwa kudya ndi kupuma. Moto wa pa mafuwa ndi umodzi, wophikira ndi wounikira m'nyumba. Ciphe cikasokoneza kupuma kwa kaciromboka, nyali yace icepa nthawi yomweyo. Cikaculuka, nyaliyo izima. Motero kuunika kwace kutiuza za moyo wace, ndipo moyo wace utiuza za madzi amene kalimo.

Cida cotere Azungu acitcha biosensor. Ciri ndi mbali ziwiri: camoyo cimene cimva ciphe, ndi diso la magetsi limene liyesa kuunika ndi kulemba ciwerengero cace. Diso la munthu silitha kusiyanitsa nyali imene yacepa pang'ono, koma diso la magetsi litha.

Nyali yozima

Mu 1979 Anthony Bulich wa ku America analongosola njira yopimira madzi ndi mabakiteriya owala amenewa, ndipo inagulitsidwa ndi dzina lakuti Microtox. Mu 1998 bungwe la miyezo la maiko onse, ISO, linaikhazikitsa ndi nambala 11348, kuti opima a m'maiko onse azicita mofanana.

Kacitidwe kace ndi aka. Mabakiteriya aumitsidwa pozizira nasungidwa m'kabotolo, ali gone monga mbeu m'nkhokwe. Pa tsiku la nchito wopima awadzutsa ndi madzi, ndipo ayamba kuwala. Popeza kwao ndi ku nyanja ya mcere, athira mcere pang'ono m'madzi opimidwawo, magalamu 2 pa magalamu 100 ali onse, nasunga zonse pa madigiri 15. Agawa mabakiteriya m'timabotolo: kena alowetsamo madzi abwino odziwika, tina madzi okayikitsa. Ayesa kuunika poyamba, nayesanso patapita mphindi 15 kapena 30. Ngati kabotolo ka madzi okayikitsa kacepa kuunika kuposa ka madzi abwino, m'madzimo muli kanthu.

Kuti adziwe ukali wa ciphe, asungunula madzi okayikitsawo ndi madzi abwino, theka ndi theka, nabwerezanso kangapo, kufikira apeza muyeso umene ucepetsa kuunika ndi theka. Madzi amene azimitsabe nyali angakhale asungunulidwa kwambiri ali oopsa koposa. Kupima ndi nsomba zamoyo kutenga masiku anai; apa yankho lipezeka ola lisanathe.

Nyali yoyaka

Nyali yozima inena kuti mdani wafika, koma sichula dzina lace. Cifukwa cace anzeru anafuna njira yaciwiri. M'kati mwa selo liri lonse muli malangizo a cibadwa, olembedwa pa ulusi wotchedwa DNA. Mu 1983, ku California, Joanne Engebrecht, Kenneth Nealson ndi Michael Silverman anatenga malangizo a nyali kwa kabakiteriya ka m'nyanja kaja nawasamutsira mwa kena kosawala, kotchedwa E. coli, ndipo nako kanawala. Kuyambira pamenepo nyaliyo inakhala ngati muuni umene munthu angaunyamule kunka nao ku nyumba ina.

Tsono mabakiteriya ambiri ali ndi njira zodzitetezera ku ciphe cimene akomana naco m'dothi. Titenge aseniki, ciphe cimene cipezeka m'miyala ina ya pansi. Kabakiteriya kali ndi malangizo opangira kapampu kotulutsa aseniki kunja, koma sikataya mphamvu kupanga kapampuko tsiku liri lonse. Pa khomo la malangizowo pakhala mlonda, amene anzeru amutcha ArsR. Aseniki akalowa m'selo agwira mlondayo, mlonda nacoka pakhomo, ndipo malangizo awerengedwa. Anzeru anangoika malangizo a nyali kuseri kwa khomo lomwelo. Motero m'madzi opanda aseniki kabakiteriya kakhala mumdima. Aseniki akafika nyali iyaka. Akaculuka iwala koposa.

Mu 1990 Gary Sayler ndi anzace, ku Tennessee, anapanga kabakiteriya kowala kakakomana ndi naphthalene, ciphe ca m'phula ndi m'mafuta a pansi. Mu 1993 ena anapanga kozindikira mekyuri. Lero tiripo tozindikira mtobvu, mkuwa ndi zina zambiri.

Phindu la nchitoyi linaoneka ku Asia. Ku Bangladesh, kuyambira m'zaka za m'ma 1970, anakumba mijigo miyandamiyanda kuti anthu aleke kumwa madzi a m'zithaphwi amene anali kupha ana ndi nthenda za m'mimba. Madzi a m'mijigoyo anali oyera ndi okoma. Mu 1993 kunadziwika kuti yambiri inali ndi aseniki wocokera m'nthaka, ndipo mu 2000 nkhani yosindikizidwa ndi bungwe la zaumoyo la maiko onse, WHO, inati anthu pakati pa 35 miliyoni ndi 77 miliyoni anali pangozi. Aseniki sapha tsiku limodzi. Adya munthu zaka zambiri, nabala zironda za pakhungu ndi khansa. Muyeso umene WHO ilola ndi maikulogalamu 10 pa lita imodzi. Kuti mumvetse kucepa kwace, ganizani galamu imodzi, ndiyo kansonga ka supuni ya tiyi, yosungunulidwa m'madiramu 500 a malita 200. Palibe lilime lingazindikire zimenezo.

Popeza mjigo wina ukhoza kukhala wabwino ndi woyandikana nao woipa, panafunika kupima uli wonse pa wokha. Ku Bangladesh anapaka utoto wofiira pa mijigo yoipa ndi wobiriwira pa yabwino. Jan Roelof van der Meer wa ku Switzerland ndi anzace anakonza mabakiteriya ozindikira aseniki, ndipo mu 2005 anasindikiza zimene anapeza atapima madzi a zitsime pafupifupi 200 ku Vietnam: mayankho a tiziromboto anagwirizana bwino ndi a makina akulu. Pamodzi ndi anzeru a ku Leipzig, ku Germany, anakonza bokosi lonyamula pamanja lotchedwa ARSOlux, limene linayesedwa m'midzi ya ku Bangladesh mu 2010. Wopima alowetsa madzi a pa mjigo m'kabotolo kotseka ndi jekiseni, nadikira monga maola awiri, nawerenga kuunika pa kamakina ka mabatire.

Phunziro la kwa ife ndi ili: mjigo watsopano uli mphatso yaikulu, pakuti upulumutsa amai ku ng'ona ndi ana ku nthenda za m'mimba, koma madzi ace ayenera kupimidwa za tizirombo ndi za ciphe comwe, ndipo mudzi uli nako kuyenera kufunsa okumbawo kuti auonetse zimene anapeza.

Ndere nazonso

Pali mtundu wacitatu, woyenera kwambiri dziko la alimi. Mudziwa ndere zimene zibiriwitsa zithaphwi m'cirimwe. Zina za izo ziri za selo limodzi, monga yotchedwa Chlorella, ndipo zipanga cakudya cao ndi dzuwa monga cimanga. Mu 1931 Hans Kautsky wa ku Germany anaona kuti tsamba likaunikiridwa libweza kaunika kofiira kocepa, ndiko kotsala pa kumene lagwiritsa nchito. Mankhwala ena ophera udzu, monga atrazine ndi diuron, atseka njira imene cobiriwira ca m'tsamba cipititsira mphamvu ya dzuwa. Njira ikatsekedwa, mphamvuyo isefukira kunja, monga madzi asefukira pa mcera wotsekedwa ndi zinyalala, ndipo kaunika kofiira kaja kaculuka.

Ca m'ma 2000 anzeru a ku France anamata ndere zotere pa kansalu, nakaika pa nsonga ya ulusi wa galasi wopyapyala. Ulusiwo utenga kuunika kunka nako kwa ndere, nubwera ndi yankho lao kwa diso la magetsi. Madzi a mtsinje akamapita pa kansaluko, cidaco cikhoza kukhala mlonda kwa masiku ambiri, nicenjeza ola lomwe mankhwala afika.

Zimene cida ici sicitha

Sindifuna kuti wina azime wailesi yace ali kuganiza kuti mankhwala a bvuto lonse apezeka. Cida ici ciri nazo zolephera zace, ndipo zina zikhudza cigwa cathu makamaka.

Coyamba, kabakiteriya kalibe mitsempha. Mankhwala ambiri ophera mbozi za thonje, ndi amene opha nyama athira pa mitembo, apha mwa kusokoneza mitsempha. Muyeso umene ungaphe nsomba ukhoza kusiya nyali ya kabakiteriya iri kuwala bwino. Cifukwa cace opima ocenjera sadalira mboni imodzi. Aonjeza ndere, ndi tinyama ta m'madzi totchedwa Daphnia, timene tiri nayo mitsempha ndipo tileka kusambira ciphe cotere cikafika. Mutu umodzi susenza denga.

Caciwiri, Luangwa m'dzinja ali wofiira ndi matope, ndipo matope aphimba kuunika monga utsi uphimba nyali. Madziwo ayenera kusefedwa, apo iai cida cidzanamizira ciphe pamene palibe.

Cacitatu ndico kutentha. Mwezi wa October kuno kutentha kufika madigiri 40 ndi kupitirira, pamene mabakiteriya oumitsidwa afuna kusungidwa pozizira kwambiri. Popanda firiji yodalirika, ya magetsi a dzuwa kapena ena, afa asanagwire nchito.

Cacinai, cida ici sicinena za kolera kapena kamwazi. Madzi opanda ciphe akhoza kukhala ndi tizirombo ta nthenda. Cifukwa cace kuwiritsa madzi ndi kuthira kolorini sikutha nchito. Komanso dziwani kuti kuwiritsa sikucotsa aseniki kapena mtobvu. Madzi akaphwera pamoto, cipheco citsala m'mphika.

Cacisanu ndilo lamulo. Mabakiteriya a nyali yozima ali monga analengedwa, koma a nyali yoyaka ali osinthidwa cibadwa ndi anthu. Akulu akumbuka kuti mu 2002, pa nthawi ya njala, boma la Pulezidenti Levy Mwanawasa linakana cimanga cosinthidwa cibadwa. Mu 2007 dziko la Zambia linaika lamulo loyang'anira zamoyo zotere, ndipo wofuna kuzilowetsa ayenera kupempha cilolezo ku National Biosafety Authority. Ndico cifukwa cace tiziromboti tikhala m'timabotolo totseka, ndipo nchito ikatha tiphedwa ndi mankhwala tisanatayidwe.

Potsiriza, nyali yocepa iri cenjezo cabe. Pa mlandu wa malipiro a munda wopsa kapena ng'ombe zakufa, oweruza adzafunabe umboni wa makina akulu. Nchito ya tiziromboti ndiyo kusonyeza msanga kuti mwa mabotolo makumi asanu, ndi atatu ati amene ayenera kuthamangitsidwa ku Lusaka, ndi citsime citi cimene anthu ayenera kucileka lero lomwe. Kwa dziko lakutali ndi la miseu yobvuta monga kwa Malama, thandizo limeneli siliri laling'ono. Ndipo anzeru ena aonetsa kale kuti kamera ya foni ya m'manja, yoikidwa m'kabokosi ka mdima, ikhoza kulowa m'malo mwa diso la magetsi lija.

Zimene tingacite ife

Tsono cida ciri conse cingoulula ciphe cimene calowa kale. Kuciletsa kuti cisalowe ndiyo nchito ya manja athu.

Inu alimi a thonje, tungani madzi m'ndowa mukatsukire pampu kumunda, kutali ndi mtsinje ndi citsime. Botolo la mankhwala likatha litsukeni katatu, madziwo muwathire m'pampu, ndipo botololo muliboole kuti wina angasungiremo madzi, mcere kapena mafuta ophikira. Musapopere mitambo ya mvula itasonkhana.

Inu asodzi ndi amai otunga madzi, muli nazo kale mboni zamoyo pamaso panu. Thamanda limene acule aleka kuliramo, kapena limene nsomba za mitundu yonse, zazikulu ndi zazing'ono, ziyandama pamodzi, liri kunena kanthu. Nsomba zotere musadye, musayanike, musagulitse. Mukapeza mtembo wa nyama wozingidwa ndi miimba yakufa, musaukhudze, ndipo musalole agalu kufikapo.

Pamenepo uzani mwini mudzi ndi Mfumu, ndiponso alonda a nyama kapena a boma oyang'anira nsomba, tsiku lomwelo. Bungwe la boma loyang'anira za cilengedwe, ZEMA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndilo liri ndi udindo pa milandu ya kuipitsa madzi. Ngati nkotheka, tengani botolo loyera bwino, mulitsuke ndi madzi omwewo, mulidzaze kufikira pakamwa osakhudza madziwo ndi manja, mulitseke, mulembepo tsiku, ola ndi malo, ndipo mulisunge pamthunzi pozizira. Mtsinje suima kudikira mboni; botolo limenelo likhoza kukhala umboni wokha wotsala.

Ndipo inu ana a sukulu a kwa Malama, amene muli kumvera pamodzi ndi makolo anu, musaope maphunziro a sayansi. Amene anapeza zonsezi anayamba ndi kudabwa ndi cikuni cowala ndi nsomba yobvunda, zinthu zimene inunso muziona. Kuli sukulu zaukacenjede, University of Zambia ku Lusaka ndi Copperbelt University ku Kitwe, kumene aphunzitsa za maselo ndi za madzi. Mabakiteriya a m'nyanja yozizira abvutika ndi dzuwa la ku Malambo. Cida coyenera kutentha kwathu ndi matope a Luangwa cifuna munthu wodziwa cigwa cino, amene wamwa madzi ace kuyambira ubwana.

Amene muli ndi mafunso pa nkhaniyi, kapena mwaona zacilendo pa mtsinje wa kwanu, tilembereni kalata, ndipo musaiwale kuchula mudzi wanu ndi mfumu yanu.